Pogula ndi pogulitsa ng'ombe zapangolo ndi abulu: zoyenera ndi zosayenera

Fodya akagulidwa, soya ndi mtedza zikachoka pakhomo, m'thumba mukayamba kulemera, ambiri maganizo amathamangira ku ngolo ndi zoikoka. Ndi maganizo abwino, achimwene. Ng'ombe ziwiri zapagoli kapena abulu awiri amatuta manyowa, njerwa ndi chimanga, amathamangitsira wodwala kuchipatala usiku, ndipo ndalama zawo amabweza. Koma malonda amenewa adanitsa anthu ambiri pachibale, chifukwa katundu wake sayankhula. Ng'ombe singakuuzeni zaka zake kapena khola limene yagona dzulo. Oyankhula ndi anthu awiri, ndipo musaganize kuti bodza limakhala kwa wogulitsa yekha. Wogula naye amanama, ndipo kawirikawiri bodza lake limagwera munthu amene ali kale pamavuto. Nzeru muli nazo, inu achimwene ndi inu achemwali. Ine ndingokutsinani khutu.

ZOYENERA

Ngati mukugula:

- Fikani pakhola m'mamawa ziweto zisanatsekulidwe, chifukwa mwendo wovuta umadziulula podzuka, thupi lisanatenthe.

- Tsekulani pakamwa muone mano nokha, zaka zili m'menemo. Ng'ombe ili ndi mano akutsogolo 8, onse m'munsi. M'mwamba muli nkhama yokha, ndiye musafuule kuti yaguluka mano. Awiri akuluakulu apakati amalowa m'malo mwa aubwana ikamakwanitsa zaka 2, ena n'kumatsatira awiriawiri mpaka onse atakwana pa zaka 4 kapena 5. Yotereyo ndiye ili pachimake pa mphamvu. Mukaona mano afupika, atalikirana, ena akugwedera, mwapeza gogo.

- Bulu muyang'aneninso m'kamwa momwemo, iye mano ali m'mwamba ndi m'munsi ndipo aakulu amakwana pafupifupi pa zaka 5. Amene akadali ndi aubwana okhaokha msana wake sunakhwime, katundu amupundula.

- Ng'ombe zimangeni pagoli, ngolo ikhale yodzaza, mupite nazo pachitunda: ngolo yopanda kanthu ngakhale thole limakoka.

- Chingwe mugwire inuyo, chifukwa ng'ombe ina imamvera mawu a mwini wake yekha.

- Funsani kuti iyi imayenda mbali iti pagoli, popeza yozolowera kumanzere mukaiika kumanja imapotoza mzere tsiku lonse.

- Sankhani ziwiri zofanana msinkhu, apo ayi goli limapendeka n'kumadya khosi la yaifupiyo.

- Iyendetseni pouma, inu muime kumbuyo, kenako muone pakati pa ziboda: kutsimphina kumabisala pamchenga ndi paudzu.

- Papasani khosi, phewa ndi msana ndi dzanja lanu, chifukwa chilonda chimabisala pansi pa ubweya. Kwa abulu ndiye chitani kawiri. Bulu mphamvu zake zili pachifuwa, koma kwathu ambiri amawamanga goli la ng'ombe, ndipo makosi awo amanyuka. Komanso bulu sadandaula, amaima phee ngakhale akumva ululu, ndiye kufatsa kwake kusakunamizeni.

- Onani ngati ikubzikula, mphuno ndi yonyowa, ndowe ndi zabwino, maso alibe ng'ala: ng'ombe yosiya kubzikula ili ndi nkhani.

- Gwirani pansi pa khutu ndi kutsogolo kwa phewa, chifukwa mwanabere wotupa pamenepo nthawi zambiri amaloza matenda obwera ndi nkhupakupa, amene amagwetsa ng'ombe m'masiku ochepa.

- Tengani mlangizi wa ziweto, mumulipirire ulendo. Kutentha kwa ng'ombe yabwino kumakhala pa madigiri 38 mpaka 39, ndipo kachipangizo koyezera kutenthako sikadziwa kunenerera.

- Chezani ndi kamnyamata koweta, kapatseni mpata kayankhule: iko ndiye kakudziwa imene imagunda, imene imalumpha khola ndi imene inadyetsa bwana wake mlandu m'dimba la eni.

- Funsani kuti chiwetocho n'cha yani kwenikweni, popeza m'khola limodzi mumagona za bambo, za mayi, za amalume, za ana amasiye ndi zoikiza.

- Funani kalata ya amfumu ndi chiphaso choyendetsera ziweto chochokera ku ofesi ya alangizi a ziweto, chifukwa pachipata cha apolisi mawu akuti “ndagula” sathandiza.

- Lembani pa pepala mtundu, mawanga, nyanga, chizindikiro cha kukhutu, mtengo ndi tsiku, mboni za mbali zonse zisayine: mawa aliyense amakumbukira zomukomera.

- Yatsopano igone payokha milungu iwiri kapena itatu, idibidwe isanasakanikirane ndi zinzake, chifukwa matenda ena amabwera atabisala.

Ngati mukugulitsa:

- Chilema chinenereni nokha wogula asanachipeze. Ngati imagunda, nenani. Ngati imagona pansi dzuwa likakwera, ngati bulu amamenya mateche kapena amaopa galimoto, nenani, mutsitseko mtengo. Alipo wogula amene angapirire chilema chimenecho akachidziwa. Amene sachidziwa akamangirira ana ake pangolo n'kulowa nayo mumsewu waukulu.

- Nenani mankhwala amene mwabaya ndi tsiku lake, makamaka kwa abutchala, chifukwa nyama ya chiweto chongobayidwa kumene siyenera kudyedwa masiku olembedwa pabotolo asanathe.

- Nenani dera limene yakulira. Ya kufupi ndi nkhalango za Kasungu, Nkhotakota kapena Vwaza ikhoza kukhala italumidwa ndi kashembe, ndipo yotere imangoonda pang'onopang'ono ngakhale msipu ulipo.

- Gwirizanani masiku oyesera, atatu kapena mlungu, pamaso pa mboni: wogulitsa chabwino saopa kuyesedwa.

- Uzani mayi a kunyumba kapena bambo a kunyumba musanatchule mtengo, chifukwa anadula nawo udzu wa ng'ombe imeneyo.

- Ndalama za pafoni muzione m'thumba la foni yanu chingwe chisanachoke m'manja, uthenga wokha akathyali amatha kupeka.

- Yokalamba muigulitse monga yokalamba, kwa abutchala: kumeneko ili ndi mtengo wake wosachititsa manyazi.

ZOSAYENERA

Ngati mukugula:

- Musagule chamadzulo, pamphambano kapena kuseri kwa msika, chifukwa wothawa kuwala ali ndi chimene akubisa.

- Musamve zakuti “ndi mwana uyu, wangoyamba chaka chatha” pakamwa musanatsekule: pamsika ng'ombe iliyonse imakhala mwana.

- Musakopeke ndi mimba yotupa ndi madzi kapena ubweya wonyezimira. Ena amanyambititsa mchere usiku kuti m'mawa imwe kwambiri, nthiti zibisike. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo yoonda ya mwezi wa Okutobala musainyoze msanga: ngati mano ndi miyendo zili bwino, mvula ikagwa ibwerera.

- Musavomere zakuti “goli lathyoka” kapena “ngolo yabwerekedwa”, bwererani mawa, kapena bwerani ndi goli lanu.

- Musagule yayikulu chifukwa cha ukulu, popeza ng'ombe yathu ya linunda, yochepa thupi, imapirira dzuwa ndi nkhupakupa kuposa zambiri zooneka bwino.

- Musathamangire mtengo wotsika mosadziwika bwino. Ng'ombe ya theka la mtengo, yopanda kalata, khutu lodulidwa kumene, mwini wake akuyang'anayang'ana kumsewu, ndi ya munthu wina amene pano akutsata mapazi ake ndi achitetezo a m'mudzi. Kuba ng'ombe chilango chake chimafika zaka 14, ndipo wolandira zakuba naye lamulo silimusiya. Ng'ombe idzapita, ndalama zapita kale, inu mudzatsala ndi mlandu.

- Musagule zodutsa njira zachidule kuchokera ku Mozambique kapena Zambia popanda mapepala, chifukwa simudziwa khola lake kapena matenda ake.

- Musapeke zilema kuti mugwetse mtengo. Izi ndiye timaziona kwambiri, ndipo ochita ake amadzitcha ochenjera. Munthu waona yekha kuti ng'ombe ndi yabwino, koma akupukusa mutu, akuti “ikutsimphinatu iyi”, mnzake amene anapangana naye akuvomereza. Mayi wamasiye amene sanagulitsepo ng'ombe akukhulupirira. Kumeneko si kunenerera, ndi kuba masana.

- Musadikire Febuluwale kuti mukafinye wanjala, kapena tsiku la maliro kuti mukafinye wofuna bokosi. Inde, nyengo imeneyo mitengo imatsika, ndipo kugula pa mtengo wa nyengoyo si tchimo. Koma kumuona munthu maso ali gwa, mwana wabwezedwa kusukulu, inu n'kudula pakati mtengo umene watsika kale, n'kumati mwamuthandiza, zimenezo ayi. Mudzi umaona.

- Musatenge ng'ombe ndi mawu akuti “ndimaliza ndikagulitsa fodya” mukudziwa kuti fodyayo ali kale ndi angongole atatu: nenani tsiku limene mungathe, mulisunge.

- Musaigwiritse ntchito yakalavulagaga mlungu wonse, n'kuimenya, n'kuibweza mukuti inabwera yodwala, chifukwa masiku oyesera si ganyu yaulere.

- Musasiye malonda onse m'manja mwa dobadoba. Alipo okhulupirika, koma ena amadya mbali zonse: kwa inu atchula mtengo wina, kwa mwini wina. Kumanani maso ndi maso, mtengo utchulidwe onse akumva, za dobadoba zidziwike padera.

Ngati mukugulitsa:

- Musabaye jekeseni wopha ululu kapena wotsitsa kutentha m'mawa wa tsiku la msika, chifukwa mankhwala akatha mphamvu matenda amadzukira m'khola la mnzanu.

- Musaitopetse dala yaukali, kapena kuimana chakudya kuti ioneke yofatsa: ikapuma idzagunda munthu amene sanachenjezedwe.

- Musapake oilo wakuda wa galimoto pachilonda kuti chisaoneke, sapoletsa, amangopsereza mnofu.

- Musapale nyanga kuti gogo aoneke mnyamata. Chinyengo chimenechi n'chakale ndipo si cha kwathu kokha: ku England ogulitsa akavalo ena ankaboola mano a kavalo wokalamba n'kuwatentha ndi chitsulo kuti aoneke ngati a wamng'ono. Wodziwa ankawagwira ndithu, ndipo inunso wodziwa akugwirani.

- Musatulutse ng'ombe usiku boma litaletsa kuyendetsa ziweto. A ku Chikwawa ndi Nsanje akudziwa bwino za matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amene amachokera ku njati ndipo amafala msanga zedi. Ng'ombe yochucha dovu, yokana kudya, yoponda mosamala, si yogulitsa. Mukaizembetsa mwapulumutsa thumba lanu, koma mwatsekera misika alimi a dera lina lonse.

- Musagulitse yoikiza, ya ana amasiye kapena ya ngongole yopatsirana, chifukwa mlandu suola, udzapeza ngakhale ana anu.

- Musalandire chikole kwa anthu awiri pa ng'ombe imodzi: mmodzi adzabwera ndi chingwe, wina ndi amfumu.

- Musasinthe chiweto wogula atapita kukatenga ndalama, ngakhale zifanane mawanga, kamnyamata koweta kadzaulula.

- Musamange yophunzira bwino pamodzi ndi yosaphunzira n'kumati zonse n'zapangolo, popeza yanzeruyo imabisa umbuli wa inzake mpaka tsiku lozilekanitsa.

- Musabise kuti bulu ali ndi bere. Bere lake limatenga pafupifupi chaka, ndipo wogula wosadziwa adzamukoketsa njerwa mpaka atataya mwana. Mukanena, mtengo umakwera, ndiye mukubisiranji?

- Musalumbire pa manda a amayi anu chifukwa cha ng'ombe, wogula wanzeru akamva malumbiro ambiri amayamba kuyang'ana mano kachiwiri.

Ndipo inu amene mwapusitsidwa kale, mwagula ng'ombe yogona pagoli kapena bulu wakhungu diso limodzi: musaipukute n'kupita nayo kumsika wina kukasaka wopusa mnzanu. Tengani pepala lija ndi mboni zanu mupite kwa amfumu, kapena kupolisi ngati nkhani yake ndi yakuba. Zikakanika, bulu mumugulitse mutanena za disolo, ng'ombeyo muinenepetse miyezi ingapo ipite kwa abutchala pa mtengo wa nyama.