Misozi ya Amasiye a ku Yopa

LACHITATU

Werengani Machitidwe 9:36-39. Kodi amasiye anamuonetsa chiyani Petro m'chipinda chapamwamba, ndipo chifukwa ninji?

Yopa unali mudzi wa doko m'mphepete mwa Nyanja ya Mediterranean. Lero ndiwo Jaffa, mbali ina ya mzinda wa Tel Aviv. Kumeneko kunakhala Tabita, amene m'Chihelene ankatchedwa Dorika. Luka sakutchula ulaliki uliwonse wa mayi ameneyu, kapena udindo wake mu mpingo. Chimene akutchula ndicho ntchito zake zachifundo.

Iye atadwala namwalira, abale anasambitsa mtembo, natumiza amuna awiri ku Luda, mtunda wosakwana makilomita 20, kukaitana Petro. Pofika iye, amasiye anamuzinga akulira, namuonetsa malaya ndi zovala zimene Dorika anasoka. M'masiku amenewo mkazi wamasiye wopanda mwana wamwamuna analibe womusamala. Chotero misozi yawo inali ya chikondi, komanso ya nkhawa: adzativeka ndani tsopano?

Yerekezani Machitidwe 9:40-42 ndi 8:2 ndiponso 12:1, 2. Kodi tikuphunzirapo chiyani?

Stefano, mlaliki wamphamvu, anaikidwa m'manda ndi maliro akulu, koma sanaukitsidwe. Yakobo mtumwi anaphedwa ndi lupanga, koma sanabwezedwe. Amene Mulungu anamubwezera ku mpingo anali mayi wa singano ndi ulusi. Apa tikuona kulemera kwa ntchito yothandiza osowa pamaso pa Ambuye. Mbiri yake itamveka mu Yopa monse, ambiri anakhulupirira.

Ife lero tikataya mbale kapena mlongo wotere, sitilonjezedwa chozizwitsa cha ku Yopa. Okondedwa athu agona tulo m'manda kufikira lipenga lotsiriza (1 Atesalonika 4:13-18). Kulira sikulakwa, pakuti Yesu yemwe analira pa manda a Lazaro. Koma maliro akatha, ana amasiye amene wakufayo ankawadyetsa adzamvabe njala. Alongo a ku Battle Creek, ku Michigan, anazindikira ichi pamene anayambitsa bungwe la Dorika mu 1874, ndipo ntchito yawo yafikira mipingo yathu. Singano imene yagwa m'dzanja la mmodzi iyenera kutoledwa ndi otsala.

FUNSO LOLINGALIRA: Taganizirani wina wa mu mpingo mwanu amene anagona mwa Ambuye. Ndani amene ankadalira thandizo lake? Kodi alipo amene anawayendera chichitikire maliro? Nanga kalasi lanu lingachitepo chiyani sabata ino?