Mitengo Ikakwera, Kodi Mzinda Umalemera?

Mu mzinda wa New York, ku America, munthu akagula cinthu m'sitolo amalipira msonkho pamwamba pa mtengo wace. Msonkho umenewu unayamba m'caka ca 1934, pamene Bambo Fiorello La Guardia anali mkulu wa mzindawo, ndipo ndarama zace zinali zothandizira anthu osowa nchito. Masiku amenewo unali masenti 2 pa dola imodzi. Kuyambira 2009 mzinda umalandira madola 4 ndi masenti 50 pa madola 100 ali onse, ndipo boma la cigawo limatenganso gawo lace padera. Ku Malawi nkosiyana, pakuti msonkho wa VAT umapita ku Boma, osati ku makhonsolo a mizinda.

Tsono cimacitika nciani mitengo ikakwera? M'mwezi wa June 2022 mitengo ya zinthu ku America inali itakwera ndi 9.1 pa 100 poyerekeza ndi June 2021. Aphunzitsi angathe kuyesa ana samu iyi: wailesi ya madola 100 imapatsa mzinda madola 4 ndi masenti 50. Wailesi yomweyo ikafika pa madola 109, mzinda ulandira madola 4 ndi masenti 90. Akuluakulu sanakweze msonkho, ogula sanaculuke, koma m'thumba la mzinda mwalowa masenti 40 oonjezera.

Munthu woona mabuku a ndarama mothamanga anganene kuti mzinda walemera. Si conco ai. Mzinda nawonso ndi wogula. Umagula mafuta a galimoto zotaya zinyalala ndi zozima moto, phula la m'miseu, ndiponso mabuku a m'sukulu. Apolisi ndi aphunzitsi, poona kuti malipiro sakuwakwaniranso, amapempha kuti awaonjezere. Masenti 40 aja amathera komweko.

Pali bvuto lina lobisika. Ku New York zakudya zogula kukadyera kunyumba, monga mkate, mkaka, mazira ndi ndiwo zamasamba, ziribe msonkho umenewu. Lendi ya nyumba yogonamo iribenso. Banja silingaleke kudya, silingagone panja. Cotero zakudya ndi lendi zikakwera, malipiro osakwera, ndarama zambiri za banja zimapita kumene mzinda sukolola kanthu. Wailesi ija, mipando ndi cakudya ca m'hotela zimayamba zadikira. Apo ndarama za msonkho zingaoneke zoculuka pa pepala, cikhalireco zatsalira m'mbuyo mwa mitengo.

Komabe msonkho wowerengera pa mtengo uli bwinoko kuposa wowerengera pa muyeso. Boma lalikulu la America limatenga masenti 18.4 pa galoni ya petulo, ndarama zambiri mwa izo nzokonzera miseu, ndipo ciwerengero cimeneci sicinasinthe kuyambira 1993. Petulo akwere, petulo atsike, masenti ndi omwewo. Koma pofika 2024 dola imodzi inali kugula zosafika theka la zimene inkagula mu 1993.