Pulogalamu ya m'foni mwanu inapangidwira kuti?

Tengani foni yanu muiyang'ane. Ngati ndi ija yodina pagalasi, muli WhatsApp, muli kamera, mwinanso wailesi. Zonsezi ndi mapulogalamu. Pulogalamu ndi malangizo ouza makina chochita: munthu akadina apa, tsegula uthenga, akadina apo, jambula chithunzi. Kodi malangizo amenewa anawakonzera m'foni momwemo? Ayi. Anawakonzera pa kompyuta ina yamphamvu, kenako n'kuwatumiza m'foni mwanu.

Kwa ife a ku Mikolongwe zimenezi si zachilendo. Nkhuku zakuda zija za mtundu wa Black Australorp, Malawi yense amazitcha nkhuku za Mikolongwe. Mazira ake amaswera m'makina kuno, koma nkhukuzo zimakakhala kumidzi. Ndipo mlimi sapatsidwa kamwanapiye ka dzulodzulo, kofunabe kufunditsidwa. Amadikira kakwanitse masabata 6, kamere nthenga, kayambe kudzitolera kokha chakudya. Mfundo ziwirizi muzisunge: kubadwira kwina n'kukakhala kwina, ndiponso kuchoka utatha kudziimira pawekha.

Tsopano tilowe m'kati mwa makina. Wolemba pulogalamu amalemba mawu ndi zizindikiro zoti munthu wophunzira angathe kuwerenga. Chimodzi mwa zilankhulo zolembera ndi C, chimene Dennis Ritchie anakonza ku America cha m'ma 1972. Koma chimene chimagwira ntchito m'makina ndi kachipangizo kakang'ono kotchedwa purosesa, ndipo purosesa sidziwa Chingerezi kapena Chichewa. Imamva manambala awiri okha, 0 ndi 1, ondandalikidwa mwanjira yake. Choncho pakati pa munthu ndi purosesa pamafunika womasulira. Womasulirayo nayenso ndi pulogalamu, dzina lake compiler. Imawerenga zimene munthu walemba n'kutulutsa fayilo ya manambala imene purosesa ingamve. Compiler yotchuka kwambiri ndi GCC. Anaiyambitsa ndi Richard Stallman mu 1987, ndipo mpaka lero aliyense amaitenga kwaulere.

Pamene pagona nkhani ndi apa: mapurosesa samva zofanana. Pafupifupi mafoni onse, kaya ndi itel, Tecno kapena Samsung, ali ndi purosesa ya mtundu wa ARM, umene unayambira ku Cambridge ku England. Makompyuta ambiri a m'maofesi ali ndi ya Intel kapena AMD. Komanso mapulogalamu aakulu oyendetsa makina amasiyana: Windows ili ndi malamulo ake, Android ili ndi ake, Linux ili ndi ake. N'chifukwa chake fayilo ya pakompyuta yothera ndi zilembo .exe mukaiika m'foni siitseguka. Musathamangire kwa okonza mafoni. Foniyo ili bwinobwino, kungoti fayiloyo sanaikonzere iyo.

Nanga pulogalamu ya m'foni amaipanga bwanji pa kompyuta imene simva zofanana ndi foniyo? Amagwiritsa ntchito compiler yapadera. Iyo imakhala pa kompyuta, koma zimene imatulutsa ndi za makina ena. Akatswiri amati cross-compilation. Ganizirani mita ya magetsi ija yothira mayunitsi. Purosesa yake ndi yaing'ono zedi, compiler singakwanemo, ndiponso mulibe polembera. Malangizo ake onse, owerengera mayunitsi ndi odula magetsi akatha, anawamasulira pa kompyuta ina n'kudzawathira m'menemo.

Mfundo yachiwiri ija, yodziimira pawekha, ili ndi mbiri yake. Mu 1995 kampani ya Cygnus Solutions inayamba kukonza Cygwin, chida chothandiza kuti mapulogalamu a makompyuta a mtundu wa Unix azigwiranso ntchito pa Windows. Chinathandiza anthu ambiri, koma chinali ndi chingwe chake. Pulogalamu iliyonse yopangidwa nacho inkafuna fayilo ina yoichirikiza, dzina lake cygwin1.dll. Tiyerekeze kuti mwana wanu walemba pulogalamu yowerengera ndalama za banki m'khonde pogwiritsa ntchito Cygwin. Pa laputopu yake ikugwira ntchito bwino. Waiika pa fulashi, wapita nayo kwa mlembi wa gulu. Mlembi wadina kawiri, ndipo pagalasi pangotuluka kabokosi konena kuti cygwin1.dll sikupezeka. Pulogalamu ilipo, ndi yolondola, koma siingadzuke chifukwa choichirikiza chatsala kunyumba.

Pofuna kuthana ndi vutoli, kunali njira yachidule. Munthu ankangowonjezera mawu akuti -mno-cygwin pouza compiler chochita. Tanthauzo lake linali lakuti: panga pulogalamuyi, koma usaimangirire ku Cygwin. Anthu anaizolowera njirayi kwa zaka zambiri. Koma inali yongozembera. Compiler imodzi inkasenza ntchito ziwiri, ndipo inkayenera kusankha zidutswa zomangira pulogalamu kuchokera m'malo awiri osiyana. Nthawi zina inkasakaniza, kutenga china kuno china uko, pulogalamu n'kutuluka yopunduka. Oyang'anira compiler anayamba achenjeza kuti mawu amenewa atha ntchito. Kenako mu GCC 4.7, imene inatuluka mu 2012, anawachotseratu. Wolemba -mno-cygwin lero compiler imamuyankha kuti mawuwo sikuwadziwa.

Ambiri anadandaula, ndipo ndikuwamvetsa, pakuti chimene dzanja lazolowera n'chovuta kuchisiya. Komabe ine ndikuona kuti anachita bwino kuchotsa. Chinalowa m'malo mwake n'chodalirika: compiler yakeyake yopangira mapulogalamu a Windows basi, yochokera ku MinGW, ntchito imene Colin Peters anayamba mu 1998 ndipo ena anaipitiriza pa dzina lakuti MinGW-w64. Mwana wanu uja saonjezeranso mawu ozembera. M'malo moitana gcc, amaitana compiler ina ya dzina lalitali ili:

x86_64-w64-mingw32-gcc

Musaope kutalika kwake. Chiyambi chake, x86_64, chikunena mtundu wa purosesa kumene pulogalamu ikupita. Pakatipo pakunena kuti ikupita ku Windows. Kumapeto kuli dzina la compiler. Ndiye kuti dzinalo likutchula kumene pulogalamu ikakhale, osati kumene ikupangidwira. Mwanayo angakhale pa Cygwin kapena pa Linux, chotuluka ndi cha Windows. Ngati akufuna kuti zidutswa zina zofunika zilowe m'fayilo momwemo, amawonjezera mawu akuti -static. Fayilo imalemererapo pang'ono, koma imayenda ndi zake zonse.

Ntchito sinathe pamenepo. Pulogalamu yopangidwira kwina iyenera kuyesedwa kumene ikakhale. Kuiyesa pa laputopu ya mwini wake n'kudzinamiza, chifukwa pamenepo zoichirikiza zonse zilipo kale. Apite nayo pa kompyuta ya mlembi ija, yomwe sinaikidwepo Cygwin, adine kawiri, alowetse masheya a sabata ino, aone ngati chiwerengero chikugwirizana ndi cha m'kaundula wa gulu.

Tikambirane: N'chifukwa chiyani fayilo ya .exe siitseguka m'foni? Kupatula foni ndi mita ya magetsi, ndi zipangizo ziti za kwanu zimene mukuganiza kuti zili ndi pulogalamu m'kati? Lembani mayina atatu m'kope mwanu, muwawerengere anzanu.