Tchuthi cha Khirisimasi, ana apite kwa bambo awo?

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34, ndimagulitsa nandolo ndi tomato pamsika wa pa Phalombe Boma. Banja langa linatha zaka ziwiri zapitazo. Bambo a ana anga anali mkamwini kwathu, ndipo titasiyana anapita ku Limbe komwe anakwatiranso. Ana anatsala ndi ine: mtsikana wa zaka 13 yemwe ali Sitandade 8, ndi mnyamata wa zaka 7.

Chaka chatha anawatenga pa Khirisimasi. Tinagwirizana kuti abwerako Chaka Chatsopano chikangodutsa, koma anafika patatha masabata awiri sukulu itatsegulira, ndipo ndalama yobwerera ndinachita kutumiza ndine pa Mpamba. Pano ayambanso kuimba foni kuti akuwafuna. Amalume anga akuti ana ndi a mbumba yathu, asapitenso, makamaka poti bambowo ngakhale yunifolomu sanagule. Koma anawo sakusiya kufunsa za bambo awo. Nditani?

Mayi wa ana awiri, Phalombe Boma

Mayi,

Ndiyambire pa amalume, chifukwa ndikuona kuti mukuopa iwowo kuposa bambo a anawo. Amalume anu sakunama. Kwa Alomwe, monganso kwa Amang'anja, ana amatsata mbumba ya mayi ndipo mwinimbumba ali ndi mawu pa iwo. Koma mwambowo umanena za komwe mwana adzapatsidwe munda, amene adzakhale nkhoswe yake akadzafuna banja, ndi manda amene adzagone. Kukadya nsima kwa bambo ake mwambo sunaletse. Ngakhale kale, ukwati ukatha mwana ankapitabe kukacheza kuchimuna, n'kubwerako atanyamula nkhuku yochokera kwa agogo ake.

Malamulo a dziko nawonso ali ndi mawu. Lamulo la 2010 loona za chisamaliro ndi chitetezo cha ana limati makolo onse awiri ali ndi udindo pa mwana, kaya ali limodzi kaya anasiyana. Limalolanso kholo lomwe silikhala ndi mwana kupempha khoti kuti lizimuona nthawi ndi nthawi. Khoti poweruza limayang'ana chomwe chingamukomere mwanayo, ndipo limamvera maganizo ake ngati wafika poyankhula zanzeru. Mukawakaniza lero, bambowo angathe kupita kukhoti, ndiye masiku adzakusankhirani ndi majisitireti yemwe sadziwa n'komwe ngati mwana wanu amadwala akakwera minibasi. Ndi bwino musankhe nokha.

Chinalakwika chaka chatha n'chiyani? "Chaka Chatsopano chikangodutsa" si tsiku. Kwa inu zinkatanthauza pa 2 Januwale, kwa iwo zinkatanthauza akapeza ndalama. Pitani kwa ahedi mukafunse tsiku lotsekera ndi lotsegulira sukulu. Kenako itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito ya ankhoswe inathera pomwe ukwati unathera, pamene pali ana ntchito yawo ikadalipo. Mukhale pansi Disembala asanafike, mulembe m'kope tsiku lonyamuka ndi tsiku lobwerera, aliyense asaine n'kutenga pepala lake.

M'kopemo mulembenso za ndalama ya ulendo, chifukwa ndi pomwe munapsera. Amene akufuna ana atumize ndalama yopitira ndi yobwerera yomwe anawo asanakwere galimoto. Yobwererayo muisunge inu. Mulembenso amene adzawaperekeze. Mwana wa zaka 13 asapatsidwe udindo woyendetsa mlongo wake pa depoti ya ku Limbe nthawi ya zikondwerero, anthu ali piringupiringu.

Tsiku lobwerera lisakhale la mawa lake sukulu. Inu a ku Phalombe simufunika kuphunzitsidwa za mvula. Akuluakulu akukumbukirabe napolo wa mu Malichi 1991 yemwe anatsika m'phiri la Michesi, ndipo namondwe Freddy wa mu 2023 anadula misewu ana anuwo akuona. Januwale ndi mwezi woti mtsinje ukhoza kudzaza usiku umodzi. Abwere kutatsala masiku anayi kapena asanu, kuti ngakhale msewu utavuta asaphonye kalasi. Mtsikanayo chaka chino ndi cha mayeso, masabata awiri ngati aja sangawabwezenso.

Ine ndikadakhala inu ndikadanena chonchi pamaso pa ankhoswe: Khirisimasi yatha anadyera ku Limbe, ya chaka chino adyera kuno, ya chaka chamawa abwereranso kumeneko. Pa 27 Disembala anyamuke, akalowere Chaka Chatsopano kwa bambo awo, abwere tsiku lolembedwalo. Tchuthi cha Disembala n'chachifupi, sichoyenera kulimbirana. Chachitali ndi cha mu Ogasiti, kopanda mvula, mtsikana atamaliza mayeso. Apo akhoza kukakhala masabata atatu popanda wodandaula. Kungoti Ogasiti yemweyo ndi nyengo ya zinamwali kumudzi. Ngati pali maganizo aliwonse pa mtsikanayo, bambo ake amve kuchokera kwa inu nthawi ikadalipo, asadzamve kwa anthu apamsika.

Za yunifolomu zandikwiyitsa inenso. Mwamuna wopeza ndalama ya mpunga ndi nkhuku pa Khirisimasi koma osapeza ya malaya a sukulu ali ndi mlandu. Komabe mlanduwo uli ndi khomo lake. Pitani ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa Boma pomwepo, akamuitanitse mukambirane za chithandizo cha mwezi ndi mwezi. Zikakanika, khoti lili ndi mphamvu yomulamula kuti azipereka. Koma musasandutse ana chikole cha ngongole. Mukati "sapita mpaka mutalipira," mnyamata wa zaka 7 amangomva kuti amayi amuletsa kuona bambo ake, ndipo adzakwiyira inu amene mumamudyetsa tsiku ndi tsiku.

Chinthu chimodzi simunachitchule, ndiye ndichitchule ine: mayi wawo wowapeza. Mutengereni mtsikana pambali, mlongo wake palibe, mumufunse mofatsa mmene ankakhalira chaka chatha. Ankagona kuti, ndi ndani? Ankadya bwino? Kapena anasanduka wantchito wolera mwana wa eni nyumba? Akakuuzani zoti wina ankamumenya kapena kumugwiragwira, zonse ndanenazi muziike pambali, mupite kupolisi ku ofesi yothandiza ozunzidwa, ndipo asapite mpaka nkhaniyo itamveka. Ngati palibe chovuta, aloweze nambala yanu pamtima ndipo mugwirizane ndi bambo ake masiku oimbirana foni. Akabwerako musawafunse ngati mayiyo ndi wokongola kapena ngati nyumba ili ndi mipando. Ana amazindikira msanga kuti atumidwa ukazitape, ndipo amayamba kunama mbali zonse ziwiri.

Amalume musawapite kumbali. Apempheni kuti zokambiranazo zichitikire pakhonde pawo, iwo atsegule nkhani, ndipo kope lija lizisungidwa m'nyumba mwawo. Bambowo akadzachedwetsanso ana, woyamba kuimba foni ku Limbe adzakhale iwowo.

Azakhali