Azakhali, makasitomala andithawa: kodi andilodza?

Azakhali,

Ndimakhala ku Lupaso mumzinda wa Mzuzu. Ndimagulitsa zitenje ndi nsapato zomwe ndimakaoda ku Kyela, ndipo malondawa ndimatsatsa pa WhatsApp ndi pa Facebook. Anthu amafunsa mtengo mpaka usiku koma osagula. Mayi wina adatenga zitenje ziwiri pangongole, mwezi nʼkutha osalipira. Nditapsa mtima ndidaika chithunzi chake pa Facebook nʼkulemba kuti anthu asamale ndi mbava imeneyi. Ndalama sadabweze, ndipo ngakhale amene ankandigula aleka. Kodi andilodza?

Mwana wanu wa ku Lupaso

Mwana wanga, khala pansi. Ndalama yomwe ukufuna kukapereka kwa singʼangayo ugulire ana ndiwo. Mfiti yako ndaidziwa kale, ndi chala chakocho chomwe chimathamanga pa foni mutu usanaganize.

Iwe poika chithunzicho unkaona mbava. Amayi a ku Lupaso adaona mnzawo amene amakhala naye ku Umanyano, amene amasonkha naye ku banki mʼkhonde, amene amaphika naye kumaliro. Aliyense adadzifunsa chamumtima kuti, nanga ine bambo akunyumba akachedwa kulandira, nkhope yanga idzapachikidwanso pamenepo? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndiye adangotseka pakamwa, nʼkutsekanso zikwama. Zitenje zako sizidaipe, koma anthu akukuopa.

Ndiponso wasewera paulimbo. Kuyambira 2016 dziko lino lili ndi lamulo la za pa intaneti, ndipo kunyoza kapena kuzunza munthu kudzera pa foni ndi mlandu. Mayiyo atati apite kupolisi, wokhala kutsogolo nʼkumayankha mafunso ungakhale iweyo, mwini zitenje.

Sindikunena kuti mayiyo adachita bwino ayi. Ndikudziwa mmene zimawawira. Kudzuka mʼbandakucha, kugwedezeka mʼgalimoto kukwera ndi kutsika Chiweta, kudutsa Karonga, kukangana ndi osintha ndalama pa Songwe, kenako wina azikayenda chinyachinya ndi thukuta lako mʼchiuno. Mtima wa munthu aliyense ukadawira. Ngongoleyo ndi yako ndipo uyenera kuilonjerera. Chomwe udalakwa nʼkuitanira mzinda wonse pa nkhani ya anthu awiri.

Choyamba, chotsa chithunzicho lero lomwe. Ena adachisunga kale mʼmafoni mwawo, zimenezo sungazibweze, koma pamalo pomwe udanyozerapo ulembepo mawu awiri atatu opepesa, osatchula dzina, osawonjezera kuti "komabe nayenso". Kupepesa kokhala ndi mchira sikupepesa.

Tsopano tibwere ku khalidwe lanu achinyamata a masiku ano loti munthu akafunsa mtengo mumayankha kuti "bwerani ku inbox". Mwana wanga, udaonapo wogulitsa pa Taifa Market akukokera kasitomala kuseri kwa benchi kuti akamunongʼoneze mtengo wa chitenje? Anthu si ana. Amaganiza kuti umayamba wayangʼana chithunzi chawo, ukaona wavala tayi ngati mphunzitsi wa ku Mzuni umakweza, ukaona wakabaza umatsitsa. Mwina sutero, koma ukubisiranji? Ndikudziwa kuti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo siikhazikika, lero uku mawa uko. Lemba mtengo wa lero, ulembenso tsiku lake. Ukakwera, nena kuti wakwera ndipo ufotokoze chifukwa. Munthu amapirira mtengo wokwera akaona kuti aliyense akulipira womwewo.

Za ofunsa osagulawo usadandaule nazo. Ena akudikira kutha kwa mwezi, ena ndi ana asukulu oyembekezera kuti makolo awatumizire kangachepe pa Mpamba kapena pa Airtel Money, ena akungosirira, ndipo kusirira si tchimo pamalonda. Ayankhe onse. Munthu akakulembera kuti "Monire", usamuponyere nambala yokha ngati ukuthamangitsa nkhuku. Mulonjere, muuze mtengo, ndipo akapanda kugula umuthokozebe kuti "yewo". Zimatenga bandulo yochuluka bwanji zimenezo? Koma ukamuyankha kuti "ngati mulibe ndalama musanditayitse nthawi", dziwa kuti tsiku lomwe adzapeze ndalamayo adzapita nayo kwa mnzako wa ku Luwinga, atengenso ndi alamu ake.

Pali kena kamene sudandiuze koma ine ndikukadziwa, poti ndaona zambiri. Zithunzi za katundu wakozo udajambula wekha, kapena udatola pa intaneti zowala kuposa zomwe zili mʼchikwama? Yala chitenje chenichenicho panja masana, uchijambule mmene chilili. Ngati chimasuluka pochapa, nena. Nsapato ikakhala yaingʼono, lola munthu asinthe. Ndipo leka kulowetsa anthu mʼmagulu a WhatsApp usanawapemphe. Gulu lokambirana za maliro kapena za kutchalitchi si msika. Anthu akusonkha ya bokosi, iwe nʼkuponyapo nsapato zachikazi kuti zafika zatsopano! Amakhala chete, koma amasunga. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndiye pa foni mlomowo umatsala wolembedwa.

Ngongole usasiyiretu kupereka, chifukwa kwathu kuno malonda ambiri amayendera pomwepo. Koma gula kope, ulembe dzina, tsiku ndi ndalama, wotengayo ayambe wapereka theka, ndipo mugwirizane tsiku lomalizira. Amene sumudziwa kwawo alipire zonse.

Mayi wa zitenje ziwiriyo umupitire kunyumba kwake mawa mʼmamawa, amuna ake atachoka, kuti usamuchititse manyazi kachiwiri. Foni ikhale mʼchikwama. Uyambe ndiwe kupepesa chifukwa cha chithunzi chija, kenako umufunse chomwe chidavuta. Mwina mwana adagonekedwa ku chipatala cha Central, mwina ndi mwano chabe, ukamva komweko. Akavomera, azikupatsa pangʼonopangʼono sabata iliyonse. Akakana, tenga kope lako ndi mboni imodzi mupite kwa amfumu, ndipo zikakanika kumeneko khoti lilipo. Ukabwerako undilembere, ndipo undiuze mtengo wa chitenje chobiriwira, pano pomwe, osati ku inbox.

Ndine Azakhali ako