Mwana Akaiwala Kuwerenga, Yambirani Pomwe Waima

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ana a makalasi ang'onoang'ono anakhala kunyumba mpaka mu Okutobala. Mu Januwale 2023 kolera inachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anasandutsa makalasi ambiri a kummwera kukhala misasa ya anthu othawa madzi. Zikatere, amene amapwetekeka kwambiri ndi mwana wa Sitandade 1 mpaka 3, yemwe anali atangoyamba kugwira malembo. Akaiwala liwu la "m", sikuti walephera Chichewa chokha. Funso la masamu nalonso saliwerenga.

Aphunzitsi ambiri sukulu ikatsegulidwa amathamangira kumaliza silabasi. Nkhawa yawo ndi yomveka, koma kuthamanga sikufika. Mwana amene sakutha kuphatikiza "ma" ndi "no" sangapindule ndi mutu wachisanu wa buku, ngakhale muubwereze kangati.

Choyamba, mverani mwana aliyense akuwerenga payekha. Kalasi ikamawerengera limodzi mokweza, wosadziwa amabisala m'mawu a anzake, ndipo ena analoweza tsamba lonse ndi makutu. Choncho lembani pepala limene sanalionepo. Pakhale malembo khumi, maphatikizo khumi, mawu khumi, kandime ka ziganizo zinayi ndi kankhani kafupi. Muyambitseni pa kandime. Akadodoma kwambiri, tsikirani ku mawu. Zikavutanso, ku maphatikizo, mpaka mupeze pomwe akuwerenga momasuka. Mphindi zitatu zimakwana. Ngati muli ndi ana 100, khumi patsiku mumaliza m'masabata awiri. Musatchule kuti ndi mayeso, ndipo cholembera chofiira chikhale m'thumba, chifukwa mwana wamantha amalephera ngakhale zimene akudziwa.

Mukatero agaweni m'magulu potengera pomwe afika, osati msinkhu kapena kalasi. Njirayi inakula ku India kudzera m'bungwe la Pratham, ndipo anzathu a ku Zambia anayamba kuiyesa mu 2016 pa ana a Giredi 3 mpaka 5, n'kuitcha Catch Up. Maguluwo apatseni mayina aulemu monga Mlambe, Chambo kapena Mulanje. Pasapezeke "gulu la mbuli". Dzina lotere mwana amapita nalo kunyumba, ndipo mawa lake sabwera.

Patulani theka la ola tsiku lililonse, makamaka ana atamwa phala ngati pasukulupo limaphikidwa. Theka la ola tsiku ndi tsiku limaposa maola atatu a Loweruka lokha.

A gulu la malembo aphunzitseni maliwu, osati mayina a malembo a Chingerezi. Mwana amene akudziwa "emu" ndi "eyi" sangatulutse "ma". Mwayi wathu ndi wakuti Chichewa chimawerengedwa mmene chalembedwera, ndiye mwana akagwira a, e, i, o, u ndi malembo ochepa monga m, n, k ndi l, sabata yomweyo akhoza kuwerenga "ana", "mano" ndi "kalulu". Musadikire kuti amalize alifabeti yonse. Chimwemwe cha kuwerenga mawu enieni ndicho chimamubweretsanso mawa. Zipangizo zisakudetseni nkhawa: dulani makatoni, lembani maphatikizo pa zitsekerero za mabotolo, kapena ana alembe ndi chala pamchenga uku akutchula liwulo.

Pomwe ambiri amakodwa ndi pa maphatikizo a malembo atatu mpaka asanu: mpha, nkha, ntha, ng'o, nkhwa. Apa musafulumire. Ikani pamodzi mawu osiyana pang'ono, monga "kola" ndi "khola", "pala" ndi "phala", "ngoma" ndi "ng'oma". Mwana aike dzanja kutsogolo kwa pakamwa, amve yekha mpweya wotuluka potchula "pha" umene sutuluka potchula "pa". Akalakwitsa musamuuze msanga yankho, ndipo anzake asamulande mawu m'kamwa. Lozani phatikizo loyamba, werengani chamumtima mpaka zisanu, ayese yekha.

Amene akuwerenga mawu koma modukizadukiza amafunika kubwereza. Kandime komweko awerenge katatu: koyamba pamodzi ndi inu, kachiwiri ndi mnzake, kachitatu yekha. Kenako mutseke buku n'kumufunsa kuti nkhaniyo ikukamba za yani, zinachitikira kuti, nanga n'chifukwa chiyani. Chingerezi musachikakamize mwana asanakhazikike pa Chichewa, pakuti luso lophatikiza maliwu akaligwira m'chiyankhulo chimene amamva, amapita nalo ku chinacho.

Mabuku a National Reading Programme, imene inayamba mu 2016, alibe phindu akamakhala m'kabati ya ahedi poopa kuti ang'ambika. Lembani mayina, ana abwereke, akawerenge kunyumba. Amene muli pafupi ndi nthambi ya National Library Service, kafunseni timabuku ta nthano.

Makolo, musadziderere poti sukulu simunapite nayo patali. Khalani ndi mwana pakhonde dzuwa lisanalowe, muuzeni kuti, "Tandiwerengera, mwanawe, ndimve." Khutu lanu lidziwa ngati zikumveka kapena ayi. Awerenge zolembedwa pa paketi ya shuga, pa chikwangwani cha chigayo, m'buku la nyimbo za kutchalitchi. Madzulo musimbireni nthano, iye aibwereze. Ndipo mtsikana naye apatsidwe nthawi yomweyo, asamangothera ku chitsime ndi ku mbale pomwe mlongo wake ali ndi buku. Magulu a amayi a pasukulu ndi mafumu athandize kulondola ana amene sanabwererenso, chifukwa ena mwa iwo akujomba ndi manyazi chabe.

Pakatha mwezi, mveraninso mwana aliyense ndi pepala latsopano, ndipo amene wakwera asamukire gulu lina tsiku lomwelo. Amene sakusuntha ngakhale amabwera tsiku lililonse musamutche waulesi. Onani ngati amatsinzinira poyang'ana pabolodi, amayandikitsa buku kumaso, kapena amatembenuza khutu limodzi mukamayankhula. Mukhazikeni kutsogolo, kambiranani ndi makolo kuti akamupime maso ndi makutu kuchipatala, ndipo dziwitsani alangizi a zamaphunziro a m'zoni yanu kuti akulumikizeni ndi mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera.