Kodi luso lopeka zatsopano limaphunzitsika? Mafunso ndi mayankho pa determinism ndi pragmatism

Kodi determinism imati chiyani?

Imati chilichonse chili ndi chochititsa chake, ndipo zochititsazo zikakwana, chotsatira chake sichingakhale china. Mu 1814 katswiri wa masamu wa ku France, Pierre-Simon Laplace, analemba kuti pakanakhala nzeru yodziwa malo a kanthu kalikonse ndi mphamvu zonse zokayendetsa, nzeru imeneyo ikanadziwa za mawa monga idziwira za dzulo.

Pa nkhani ya maphunziro, ena amaloza magazi. Cyril Burt wa ku Britain ankati nzeru n'zakumtundu, ndipo maganizo otere anathandiza kukhazikitsa mayeso osankha ana a zaka 11 m'dzikomo. Iye atamwalira mu 1971, manambala a kafukufuku wake wa mapasa anayamba kukayikiridwa kwambiri. Ena amaloza mmene mwana waleredwera. B. F. Skinner wa ku America ankati khalidwe limaumbika ndi zotsatira zake, moti m'ma 1950 anapanga makina ophunzitsira: funso limaoneka pa kazenera, mwana n'kulemba yankho, n'kusuntha chogwirira kuti aone ngati wakhoza.

Nanga pragmatism?

Iyi inabadwira ku America. Charles Sanders Peirce mu 1878 anati tanthauzo la ganizo lili m'zimene ganizolo lingasinthe pochita zinthu. William James anaifalitsa ndi buku lake la mu 1907, ndipo John Dewey ndiye anailowetsa m'kalasi. Funso lawo ndi lakuti: ukakhulupirira zimenezi, uchita chiyani mosiyana ndi amene sakhulupirira?

Kodi mfundo ziwirizi zimatsutsana?

James ankaona kuti zimatsutsana. Polankhula ku Harvard mu 1884 anati ngati zonse zinakhazikika kale, kudandaula ndi choipa chimene chachitika n'kopanda mutu, popeza sichikanalephera kuchitika. Iye anasankha kukhulupirira kuti dziko lili ndi mpata wa zinthu zimene zingachitike kapena osachitika.

Koma mphunzitsi safunika kudikira kuti mkanganowu uthe. Tiyerekeze kuti Laplace ananena zoona. Ndiye kuti pa zochititsa zimene zikuumba mwana pali funso limene aphunzitsi afunsa lero, buku limene lili pa shelufu, ndiponso kuseka kwa anzake pamene walakwa. Determinism simapatsa munthu chifukwa chopindira manja. Amene amanena kuti "ameneyu mutu wake ndi wouma, kwawo onse ndi choncho" wasiya determinism, walowa m'chikhulupiriro chakuti zinalembedwa, ndipo wadzichotsa yekha pa mndandanda wa zochititsa. Ine ndimaona kuti vuto lalikulu m'kalasi ndi limeneli, osati mabuku a afilosofi.

Dewey ankachita chiyani kwenikweni pasukulu yake?

Mu 1896 anatsegula sukulu yoyeserera pa yunivesite ya Chicago. Ana ankaphika, kupala matabwa, kulima ndi kuluka nsalu. Cholinga sichinali kuwasandutsa amisiri. M'buku lake la mu 1899 lotchedwa The School and Society, iye anafotokoza za ana amene anapatsidwa thonje ndi ubweya wa nkhosa kuti apote ulusi. Gulu lina linatha mphindi 30 likuchotsa njere m'thonje ndi zala, koma thonje loyera limene linapezeka linali kadzanja chabe. Aliyense amene anagwirapo thonje ku Chikwawa kapena ku Balaka akudziwa mmene njere zimakakamirira. Pamenepo anawo anazindikira okha chifukwa chake makolo awo ankavala ubweya kuposa thonje makina ochotsa njere asanabwere, ndipo anayamba kudzipangira tizipangizo topesera ubweyawo.  Zala zitawawa, maganizo anayamba kufuna njira.

Ndiye kuti ana azingosiyidwa achite zofuna zawo?

Ayi. Dewey mwiniyo mu 1938 anadzudzula sukulu zimene zinkatengera dzina lake koma n'kutaya dongosolo. Mwana wopanda chidziwitso alibe zomangira ganizo latsopano. Kuloweza matebulo a masamu sikupha luso. Chimene chimapha ndi chakuti mwana aloweze kuyambira sitandade 1 mpaka mayeso a sitandade 8 osakumanapo ndi funso limene yankho lake silili kumapeto kwa buku.

Nkhani ya William Kamkwamba ikuikira kumbuyo mbali iti?

Zonse ziwiri, ndipo n'chifukwa chake ili yothandiza. Mnyamatayu wa ku Wimbe ku Kasungu anasiya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Wowerengetsa zochititsa akanati zake zada. Koma pafupi panali laibulale yaing'ono, mmene anapezamo buku lotchedwa Using Energy lokhala ndi chithunzi cha makina amphepo. Anatola mapaipi a pulasitiki, njinga yakutha ndi fani ya thalakitala, n'kuimika makina ake amphepo pa nsanja ya mitengo ya bulugamu, mpaka babu linayaka. Wa determinism anena kuti popanda laibulaleyo sizikanatheka, ndipo sakunama. Wa pragmatism anena kuti anaphunzira magetsi poyesa, kulephera ndi kukonzanso, ndipo nayenso sakunama.

Mphunzitsi wa ana oposa 100 angayambire pati?

Sangapange sukulu ya Dewey, imene inali ndi ana ochepa ndi aphunzitsi ambiri. Angathe komabe kusintha mtundu wa funso. M'malo mofunsa kuti utali wa m'mphepete mwa chinthu chozungulira umapezeka bwanji, agawe ana m'magulu, awapatse chingwe ndi rimu ya njinga, awafunse kuti rimuyo izungulira kangati kuchoka pakhomo la kalasi kukafika pamjigo. Ayambe alosera, kenako akayeze. Gulu limene laphonya lifotokoze pamene linasokonezera, ndipo malikisi aperekedwe pa kufotokozako, osati pa yankho lokha.